Ndege yotera pamadzi si bwato: ngozi za ndege zolondera nyanja pa Nkhondo Yachiwiri ndi mmene ankapulumutsira anthu ake

Anthu ambiri akaona chithunzi cha ndege yotera pamadzi, monga Sunderland kapena Catalina, itayandama padoko amaganiza kuti asilikali oyenda m'ndege zimenezi anali ndi mwayi kuposa anzawo. Amati injini ikafa, basi kungotera pamadzi n'kudikira thandizo. Sizinali choncho. Ndege zimenezi anazipangira madzi odekha a m'madoko, m'mitsinje ikuluikulu ndi m'nyanja za kumtunda. Pakati pa Atlantic zinkasweka monga ndege ina iliyonse, ndipo kangapo konse ndege yotumidwa kukapulumutsa anthu asanu ndi mmodzi inkangowonjezera anthu ena khumi pa chiwerengero cha ofunika kupulumutsidwa. Amene ankabwerako amoyo kawirikawiri ankabwera pa boti kapena pa sitima, osati pa ndege. Ntchito ya ndege inali kuwapeza, kuwaponyera zofunika, ndi kusawataya.

Gawo la asilikali a m'ndege a ku Britain lomwe linkalondera nyanja, RAF Coastal Command, linataya ndege 2,060 ndi anthu 5,866 pa nkhondo yonse. Ntchito yawo yaikulu inali kusaka sitima za ku Germany zoyenda pansi pa madzi, ma U-boat, ndi kuperekeza magulu a sitima za katundu. Ulendo umodzi unkatenga maola 12 mpaka 18. Catalina ya ku America inali ndi injini ziwiri za Pratt & Whitney, phiko limodzi lalitali pafupifupi mamita 32, ndipo inkayenda pang'onopang'ono, makilomita pafupifupi 200 pa ola, itanyamula mafuta malita oposa 6,000 m'phikomo. Sunderland ya kampani ya Short inali yaikulu, ya injini zinayi, mapiko a mamita 34, nsanjika ziwiri, ngakhale kakhitchini. Akuluakulu a ku Mangochi omwe anaona ndege za kampani ya ku Britain ya BOAC zikutera ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950 anaona mbale wake weniweni, Solent, yomwe inachokera ku banja lomwelo.

Zomwe zinkagwetsa ndege

Mfuti za adani zinagwetsa zambiri, koma ndege zochuluka zinatayika popanda kuona mdani ngakhale mmodzi. Vuto loyamba linali kulemera. Ndege inkanyamuka itadzaza mafuta mpaka pakamwa, kuphatikiza mabomba a m'madzi olemera makilogalamu 113 lililonse. Injini imodzi ikafa m'maola oyambirira, zotsalazo sizinkatha kusunga ndege m'mwamba pokhapokha anthu ataye mabomba, mafuta, zipolopolo, mfuti, chilichonse chomasuka. Ma Sunderland oyambirira anali ndi vuto lina lapadera: injini zake za Bristol Pegasus zinkagwira ntchito mopitirira muyezo ulendo wonse, ndipo mapulopela ake analibe njira yopotozera timapiko kuti tiloze mphepo n'kuleka kuzungulira. Choncho pulopela wa injini yakufa ankapitiriza kupukusidwa ndi mphepo, kukokera ndege m'mbuyo ndi kumbali. Nthawi zina ankagwedezeka mpaka kuthothoka. Vutoli linatha pa mtundu wa Mark V, womwe anauika injini za ku America zofanana ndi za Catalina, koma pamenepo nkhondo inali itapita kutali. Ma Whitley akale, ndege zonyamukira pamtunda, omwe ophunzira ankalondera nawo Bay of Biscay, nyanja ya kumadzulo kwa France, kuchokera ku St Eval ku England, anali oipa kwambiri pa injini imodzi, ndipo oposa 30 anatayika m'chaka chimodzi.

Chachiwiri chinali kusochera. Pamwamba pa nyanja palibe phiri kapena mtsinje woti n'kuzindikira. Wolondolera njira ankawerengera malo kuchokera pa kampasi, liwiro, nthawi ndi mphepo. Mphepoyo ankaiyeza poponya kachitini koyaka moto pamadzi, kenako woombera mfuti wa kumchira ankaloza kamotoko n'kunena ndi madigiri angati omwe ndege ikukankhidwira kumbali. Masamu ake ndi ankhanza. Kuphonya ndi digiri imodzi yokha kumasocheretsa kilomita imodzi pa makilomita 60 aliwonse, choncho pa ulendo wa makilomita 900 mwataya kale makilomita 15. Mphepo ikasintha ndi makilomita 10 pa ola inu osadziwa, pakatha maola 10 muli makilomita 100 kutali ndi pomwe pensulo ikunena. Izi zinkapha kawiri: ndege inkatha mafuta ikufunafuna gombe, ndipo malo omwe inatumiza pa wailesi isanagwe ankakhala abodza, ofufuza n'kumazungulira nyanja yopanda kanthu.

Pali kachipangizo kena komwe kananamiza anthu ambiri, altimita, kosonyeza kukwera kwa ndege. Kameneka sikayeza mtunda weniweni, kamayeza kulemera kwa mpweya. Milibala imodzi ndi pafupifupi mamita 8 ndi theka. Ndege ikanyamuka mpweya uli pa 1015, n'kubwerera patatha maola 14 nyengo itaipa mpweya uli pa 995, altimita yosakonzedwa imati muli mamita 170 pamwamba kuposa pomwe mulidi. Mu chifunga kapena usiku, mamita 170 ndi kusiyana kwa kudutsa pamwamba pa phiri ndi kuliwomba. Ndege za m'madzi zodzaza zinkakweranso pang'onopang'ono kwambiri, motero lamulo linali loti zizitsata nyanja, osadutsa pamtunda. Pa 25 Ogasiti 1942 Sunderland ya gulu la 228 inanyamuka ku Invergordon ku Scotland kupita ku Iceland, inalowera kumtunda mu mitambo, n'kuwomba chitunda cha Eagle's Rock ku Caithness. Anthu 14 anafa, kuphatikizapo Duke of Kent, mng'ono wa Mfumu George VI. Anapulumuka woombera mfuti wa kumchira yekha, Andrew Jack. Phiri la Brandon ku Ireland nalo linadya ndege zitatu mu 1943 mokha.

Chodabwitsa n'chakuti madzi odekha kwambiri ndi oopsa pafupifupi mofanana ndi olusa. Pakakhala palibe kamphepo, madzi amanyezimira ndipo diso silitha kuona pomwe ayambira. Woyendetsa amawongola ndege mochedwa n'kulowetsa mphuno m'madzi, kapena amaiwongola akadali mamita 10 m'mwamba n'kugwa nayo pamimba. Njira yokhayo inali kusakhulupirira maso: kuika ndege pa liwiro lokhazikika, mphuno m'mwamba pang'ono, injini zikuyendabe, kutsika pang'onopang'ono motsatira zipangizo mpaka kumva madzi akukanda pansi. Kumadoko ankayendetsa maboti mumzere kuti avundule madziwo, ndipo usiku ankayala mzere wa nyali zoyandama. Ma Catalina a gulu la 262 omwe ankalondera gombe la South Africa kuchokera pa nyanja ya St Lucia ku Zululand ankatera pamadzi osaya, a mvuu ndi ng'ona, ndipo awiri anagwa pomwepo mu Juni 1943, anthu ambiri n'kufa. John Cruickshank wa gulu la 210, yemwe anavulala malo 72 pomenyana ndi U-boat mu Julayi 1944, atafika ku Sullom Voe, pa zilumba za Shetland kumpoto kwa Scotland, anakana kutera mumdima. Anazungulira ola lathunthu akutaya magazi, kudikira kuti kuche.

Mphindi zomaliza m'mwamba

Woyendetsa akaona kuti kumtunda safika, ankayenera kusankha msanga, mafuta akadalipo. Kutera pamadzi injini zikugwira ntchito n'kosiyana kwambiri ndi kutera zitafa zonse, chifukwa mphamvu ya injini imalola kusankha funde ndi kuchepetsa liwiro mpaka pamapeto. Ambiri anafa chifukwa chokakamira kuyandikira kwawo mpaka dontho lomaliza.

Wa wailesi ankatumiza SOS ndi malo, njira, kukwera ndi vuto, kenako ankakanikiza batani la Morse n'kulimanga kuti lizilira mosalekeza, masiteshoni a kumtunda athe kuloza komwe phokosolo likuchokera. Mabomba a m'madzi ankatayidwa, ndipo apa panali msampha. Bomba lotere limaphulika ndi kukanikiza kwa madzi likafika pakuya komwe analikonzera, mamita pafupifupi 8 pa nthawi imeneyo. Likamira pamodzi ndi ndege lisanatsekedwe, limaphulika pansi pa anthu omwe angotuluka kumene, ndipo kuphulika kwa m'madzi kumang'amba mapapo ndi matumbo ngakhale khungu lisanakandike. Zitseko za pamwamba zothawirapo ankazitsegula ndege isanagunde, chifukwa thupi la ndege likapindika sizitsegukanso. Za pansi ankazitseka zolimba. Aliyense anali ndi malo ake: kukhala pansi msana utatsamira khoma lolimba moyang'ana kumchira, manja kumbuyo kwa mutu, mawondo opinda, kolala yomasula, zingwe za parachuti zovula kuti zisakole. Jekete loyandamitsa, lomwe ankalitcha Mae West, ankalipopa atatuluka. Wolipopa m'kati ankakanika pa kachitseko, kapena madzi ankamukanikizira kudenga.

Usiku, pofuna kudziwa kuti madzi ali pafupi, wa wailesi ankasiya waya wa eriyo ukulendewera pansi pa ndege. Chitsulo cha kumapeto kwake chikakhudza madzi, singano ya pa wailesi inkagwa, iye n'kukuwa.

Nkhani yaikulu inali mbali yoterera. Panyanja yaikulu pamakhala mafunde a mitundu iwiri. Pali a mphepo ya pomwepo, ang'onoang'ono ndi a thovu, ndiye pali akuluakulu aatali ochokera ku namondwe wa kutali, omwe amayenda mbali yawoyawo mosasamala mphepo ya lero. Amene anakhalapo kunyanja kwathu amadziwa mmene madzi amapitirizira kutukumuka mwera utaleka kale. Pa Atlantic mafunde oterowo amafika mamita 3 kapena 4 tsiku looneka labwino, ndipo ukakhala m'mwamba saoneka bwino. Woyendetsa aliyense anaphunzira kutera moyang'anizana ndi mphepo, ndipo chizolowezi chimenecho ndicho chinkapha. Ndege yothamanga makilomita 130 pa ola ikakumana maso ndi maso ndi funde lalikulu imakhala yawomba khoma. Malangizo anali oti atere motsata mzere wa fundelo, pamsana pake, ngakhale mphepo iwombe cham'mbali, pokhapokha mphepoyo ikhale yamphamvu kwambiri. Kugunda kumabwera kawiri. Koyamba n'kochepa, mchira ukakhudza. Kachiwiri ndiko koopsa, mphuno ikalowa. Amene ankadzuka pakati pa kuwiriku poganiza kuti zatha ankaponyedwa kutsogolo.

Ndege zonyamukira pamtunda zinali ndi masekondi ochepa. Liberator, yomwe inali yabwino kuposa zonse posaka ma U-boat, inali yoipa kuposa zonse pamadzi. Phiko lake linali pamwamba, choncho thupi lonse linkamira anthu ali m'kati, ndipo zitseko zopyapyala za chipinda cha mabomba zinkabowoka pomwepo, madzi n'kuthyola ndege pakati.

M'bwato la mphira

Bwato lopopa linkasungidwa m'phiko kapena m'thupi la ndege, ndi botolo la mpweya wa carbon dioxide lomwe linkatseguka lokha likakhudza madzi kapena munthu akakoka chingwe. Linkalephera m'njira zambiri. Linkafufuma chozondoka, linkabooledwa ndi zitsulo zong'ambika kapena zipolopolo, linkauluka ndi mphepo chingwe chikaduka, kapena linkakokedwa pansi ndi ndege chingwe chikapanda kudulidwa, n'chifukwa chake pambali pake pankamangidwa mpeni wopanda nsonga. Nthawi zina linkagwira ntchito bwino lomwe popanda eni ake. Pa 11 Ogasiti 1943 Lloyd Trigg wa ku New Zealand, yemwe anali m'gulu la 200 kumadzulo kwa Africa, anamiza U-boat yotchedwa U-468 kummwera chakumadzulo kwa Dakar Liberator yake ikuyaka, ndipo onse a m'ndegemo anafa. Bwato lawo linayandama lokha, ndipo Ajeremani 7, kuphatikizapo mkulu wa sitimayo Klemens Schamong, anakweramo mpaka sitima ya HMS Clarkia inawatola. Umboni wa Schamong ndi womwe unapatsa Trigg mendulo ya Victoria Cross, yapamwamba kuposa zonse kwa asilikali olimba mtima ku Britain.

Kumpoto mdani woyamba anali kuzizira. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira maulendo oposa 20 kuposa mpweya. Munthu akagwera m'madzi a madigiri 10, mphindi yoyamba amapuma mwabefu mosadziletsa, ndipo funde likamupeza pakamwa pali pululu amamira pomwepo. Pakatha mphindi 10 kapena 15 zala zimafa. Sangamange mfundo, sangatsegule chitini, sangakoke mfuti ya zizindikiro, sangadzikweze yekha m'bwato. Kuzizira kwa m'kati mwa thupi kumabwera pambuyo. Choncho ntchito zonse zofuna zala zinkayenera kuchitidwa poyamba: kukweza ovulala, kumanga katundu yense ku bwato, kulumikiza mabwato ngati alipo awiri, kuponya nangula wa nsalu, thumba la lona lomwe limakoka m'madzi kuti bwato lisathamange ndi mphepo kuchoka pomwe SOS inanena. Kenako kukapa madzi kosatha, chifukwa pansi pa bwato panali mphira umodzi wokha ndipo wokhala m'chithaphwi amazizira ngati ali m'nyanja momwemo.

Nkhani ya David Hornell wa ku Canada imaonetsa zonsezi pamodzi. Pa 24 Juni 1944 Canso yake, yomwe ndi Catalina yopangidwa ku Canada, ya gulu la 162 yochokera ku Wick ku Scotland, inamiza U-1225 kumpoto kwa Shetland. Injini ya kumanja inayaka mpaka kuthothoka, koma iye anatera bwino, anthu onse 8 ali moyo. Bwato limodzi mwa awiri linaphulika. Lotsalalo silikanakwana onse, choncho poyamba ankasinthana, ena m'kati ena m'madzi atagwira chingwe, kenako anataya katundu n'kupanikizana onse. Catalina ya asilikali a ku Norway inawaona patangopita maola ochepa n'kukhala ikuzungulira pamwamba pawo. Anapezeka msanga, komabe anakhala maola 21, chifukwa boti linali kutali ndipo nyanja inalusa. Bwato linagubuduzika, awiri anafa ndi chisanu. Ndege ya Warwick inawaponyera boti lathunthu pa maparachuti, koma linagwera mamita pafupifupi 450 kutali, ndipo panalibe wotsala ndi mphamvu zosambira. Hornell, atachita khungu, anafuna kuyesa, anzake anamugwira. Anamwalira atangokwezedwa m'boti lopulumutsa.

Kumadera otentha mdani anali ludzu. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu ili ndi magalamu 35 a mchere, pamene impso sizitha kutulutsa mkodzo wa mchere wochuluka chotero, choncho thupi limawononga madzi ake pochotsa mcherewo. Kafukufuku wa McCance ndi anzake pa anthu a m'sitima zomwe zinamira pakati pa 1940 ndi 1944 anapeza kuti m'maboti momwe anthu anamwa madzi a mchere munafa pafupifupi 39 pa 100 alionse, pamene momwe sanamwe munafa pafupifupi 3. Malangizo anali oti tsiku loyamba asamwe kanthu kupatula ovulala, kenako pafupifupi theka la lita patsiku, pang'onopang'ono. Ankamwa mapiritsi oletsa kusanza msanga, popeza bwato la mphira limasanzitsa ngakhale amalinyero, ndipo kusanza ndi kutaya madzi. Chakumapeto kwa nkhondo kunabwera timabuloko ta mankhwala a siliva tomwe ankatiika m'kathumba ka madzi a mchere, kamodzi n'kupereka pafupifupi theka la lita.

Kupezeka, ndi kusatayikanso

Bwato lachikasu pakati pa thovu la mafunde silioneka patali, ndipo radar ya nthawiyo sinkaliona. Wailesi yopukusa ndi dzanja inathandiza kwambiri. Angerezi anatola ya Ajeremani mu 1941, Amereka n'kuikopera kukhala SCR-578, yodziwika kuti Gibson Girl. Munthu ankaipana ndi ntchafu, kupukusa chogwirira, iyo n'kumatumiza SOS yokha pa 500 kHz. Inkafuna waya wa mamita pafupifupi 90 wokwezedwa ndi kaiti, kapena ndi baluni ya haidirojeni mphepo ikasowa, ndipo inkamveka makilomita 300 zinthu zikayenda bwino. Vuto linali kuitulutsa m'ndege yomira ndi kuulutsa kaiti ndi zala zakufa. Panalinso mankhwala a fluorescein osandutsa madzi kukhala obiriwira mowala, kagalasi kothwanimitsira dzuwa, ndi mfuti ya zizindikiro. Lamulo la mfutiyi linali kudziletsa: osaombera ndege yomveka patali kapena yomwe yakufulatirani.

Ndege zinkanyamulanso nkhunda m'mabokosi osalowa madzi, ndipo izi sizinali zoseweretsa. Mu Okutobala 1943 Catalina ya ku Sullom Voe inagwera m'nyanja wailesi itafa, nyengo itaipa moti kufufuza kunaimitsidwa. Nkhunda yotchedwa White Vision inauluka maola 9 molimbana ndi mphepo, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, n'kufika ndi kapepala ka malo. Anthu 11 anapulumuka.

Ofufuza ankayambira pa malo omaliza odziwika, kuwonjezera mmene mphepo ndi madzi zakankhira bwato, kenako kuuluka mabwalo a makona anayi okulirakulira, kapena mizere yotsatana, munthu aliyense ali ndi zenera lake. Kupeza bwato kunali theka la ntchito. Ndege ikatembenuka kamodzi, bwato linkasowa. Choncho woyamba kuliona sankachotsa diso, wina ankaponya chitini cha utsi pomwepo, ndipo ndege inkakwera m'mwamba kutumiza chizindikiro choti maboti ndi ndege zina zilondole. Inkakhala mpaka ina ibwere kudzailandira. Usiku umodzi wopanda mlonda unkatanthauza kuyambiranso.

Zoponya zinasintha pang'onopang'ono. Thumba limodzi linkagwera patali n'kupita. Ku RAF Lindholme anaganiza zolumikiza zitini zisanu ndi chingwe choyandama, chapakati chili ndi bwato lalikulu lofufuma lokha, zinazo madzi, chakudya, zovala ndi zizindikiro. Ndege inkaziyala mumzere wopingasa mphepo. Anthu akakhala m'bwato, mzere unkaikidwa kumunsi kwa mphepo kuti bwatolo likankhidwire pa chingwe. Akakhala m'madzi, unkaikidwa kumtunda kwa mphepo kuti chingwe chiwapeze. Boti loponya pa maparachuti, lopangidwa ndi Uffa Fox, linali la mamita 7, la injini ziwiri zazing'ono ndi thanga, ndipo likagunda madzi maroketi ankaponya zingwe mbali zonse ziwiri. Linagwira ntchito koyamba pa 5 Meyi 1943, pamene ndege ya Hudson ya gulu la 279 inaliponyera anthu a m'ndege ya Halifax yomwe inagwera ku North Sea. Linali labwino kwa anthu amphamvu zawo. Kwa omwe akhala tsiku lathunthu m'chisanu, monga a Hornell, mamita ochepa okha ankakwanira kulisandutsa lopanda ntchito.

Chiyeso chotera

Tsopano taganizani woyendetsa Sunderland akuzungulira pamwamba pa bwato, akuona nkhope za anzake, akudziwa kuti sitima ifika mawa, ndipo pansi pa mpando wake pali ndege yoyandama. Chiyesochi chinayamba ndi chipambano. Pa 18 Seputembala 1939 ma Sunderland awiri anatera pafupi ndi sitima ya Kensington Court yomwe inkamira n'kutenga anthu 34. Manyuzipepala anaikweza nkhaniyi, koma ndikuona kuti chitsanzo chimenechi chinapha anthu ambiri kuposa omwe chinapulumutsa. Mu Ogasiti 1942 Wing Commander Halliday, mkulu wa gulu la 461 la ku Australia, anayesa kutera ku Bay of Biscay kuti atole anthu a m'ndege ya Wellington yomwe inagwera m'nyanja. Sunderland inasweka, munthu mmodzi yekha n'kupulumuka. A mu Wellington aja anatengedwa ndi boti patapita masiku asanu.

Gulu lomwelo linabwerezanso mu 1943. Pa 28 Meyi, Flight Lieutenant Dods anapeza anthu 6 a mu Whitley, anatera, ndege inawomba funde, iye n'kufa. Anthu ake 10 analowa m'bwato n'kulimangirira ku la a Whitley. M'mawa mwake Gordon Singleton anatera bwinobwino n'kukweza onse 16, koma ndi katundu wotero kunyamuka kunali kosatheka. Inawapulumutsa ndi sitima ya nkhondo ya Afalansa, La Combattante, yomwe inatenga anthuwo n'kuyamba kukoka ndege. Kukokako kutalephereka, Singleton anayesa kunyamuka ndi anthu ochepa. Anadumpha funde ndi funde, lomaliza linabowola pansi pa ndege chibowo choposa mamita awiri. Analowa m'mwamba ndi ndege yomwe sikanateranso pamadzi. Anataya zonse zoyaka, anadzitchinga ndi matiresi, ndipo anaitereza pa udzu wa bwalo la ndege la Angle pafupi ndi Pembroke Dock ku Wales. Palibe anavulala, koma ndegeyo sinaulukenso. Kuwerengera konse: ma Sunderland awiri atha, woyendetsa mmodzi wafa, ndipo anthu anabwera pa sitima.

Kunyamuka ndiko kunali kovuta kuposa kutera, pa zifukwa zomveka. Pansi pa ndege panali aluminiyamu wopyapyala womangidwa ndi maliveti. Ndege inkafuna mtunda wa kilomita kapena kuposa kuti ikwere pamwamba pa madzi n'kufika liwiro louluka, ndipo pa mtunda umenewo inkakumana ndi mafunde ambirimbiri, lililonse likuigunda mwamphamvu kuposa lapitalo. Funde linkaiponya m'mwamba liwiro lisanakwane, n'kugwa ndi mphuno pa lotsatira. Madzi ankapinda mapulopela. Choyandamitsa cha kuphiko chikathyoka, phiko linkamira ndege n'kugubuduzika, ndipo anthu ankathamangira pa phiko linalo kuti alilemeretse. Oyendetsa Catalina anali ndi njira yawo yotera: kuchepetsa liwiro mpaka ndege itasiya kuuluka, n'kuigwetsa pamadzi mchira poyamba kuti isathamange. Maliveti ankathothoka, ndipo mabowo ake ankawatseka ndi mapensulo a wolondolera njira. Njirayi inagwira ntchito kwambiri ku Pacific. Nathan Gordon anatera kanayi padoko la Kavieng, ku Papua New Guinea ya lero, pa 15 Febuluwale 1944, mfuti za ku Japan zikuomba, n'kutenga anthu 15.

Ku Britain ntchito yopulumutsa inakhazikitsidwa mwadongosolo mu Febuluwale 1941, ndipo pofika kumapeto kwa nkhondo inali itapulumutsa anthu oposa 13,000, ambiri pa maboti othamanga a RAF ndi a Royal Navy. Ngakhale boti litafika, ngozi inali isanathe. Munthu wozizira kwambiri akamukoka choimirira, kapena akamuuza kuti akwere yekha ukonde wa m'mbali mwa boti, magazi amatsikira kumiyendo, mtima wozizira n'kulephera. Pa nthawiyo ankawapatsa mowa wa ramu ndi kuwatikita manja ndi miyendo, zomwe zimatsegula mitsempha ya pakhungu n'kuonjezera vuto. Masiku ano opulumutsa amamunyamula chogona, kumuvula zonyowa, kumufunditsa ndi kumutenthetsa pang'onopang'ono, osamuyendetsa.

Kutera pakati pa nyanja kunali koyenera pamene woyendetsa wavomereza kuti mwina sanyamukanso, ndipo anthu ali m'madzi momwemo, opanda bwato. Pa 2 Ogasiti 1945 Adrian Marks wa asilikali a pamadzi a ku America anafika ndi Catalina pomwe panali otsala a sitima ya USS Indianapolis, omwe anali tsiku lachinayi m'madzi, shaki zikuwadya. Malamulo ankaletsa kutera, mafunde anali a mamita oposa 3, koma anatera. Anayamba ndi omwe anali okhaokha, poganiza kuti a m'magulu angathe kudikira. M'kati mutadzaza, anazimitsa injini n'kugoneka ena pamwamba pa phiko, atawamanga ndi zingwe za parachuti. Anatola anthu oposa 50 ndipo sanayese n'komwe kunyamuka. Usiku womwewo sitima ya USS Cecil J. Doyle inafika n'kuwatenga onse, ndipo popeza ndegeyo inali itawonongeka moti sikanaulukanso, anaimiza ndi mizinga.